Namondwe ndi Nthaka ya M'minda Yathu

Alimi anzanga a ku Machinga ndi ku Balaka, mukumbukira Januwale 2015, pamene Boma linalengeza kuti maboma 15 agwa m'tsoka la madzi osefukira. Athu awiriwa anali m'gulumo. Mu Malichi 2023 kunadzanso namondwe Freddy, amene anapha anthu oposa 600 m'dziko muno. Anafika pa nthawi yoipitsitsa: chimanga chili pafupi kukhwima, fodya ali m'zigafa. Mapesi anagwa, ngala zinaolera m'matope, fodya nachita nkhungu.

Koma chimene chindidetsa nkhawa koposa ndicho nthaka. Chimanga tibzalanso, koma dothi lachonde limene Rivirivi anapita nalo ku Shire silidzabweranso. Mizere yolunjika kumtsetse isanduka ngalande mvula ikakula, ndipo madzi athamangamo natenga dothi ndi feteleza yemwe. Nchifukwa chake alangizi aumirira pa akalozera ndi mizere yopingasa, ngakhale makolo athu anadana nalo lamulo la malimidwe m'masiku a Atsamunda, poti linadza ndi chindapusa.

Konzani akalozera m'chilimwe, nimubzalepo udzu wa vetiva ndi mvula yoyamba. Mabokosi asunga chinyezi kumtunda. Kudambo agumuleni madzi akachuluka, mbewu zingamire.