MAIKO AMPHAMVU AYAMBANSO KULIMBIRANA NJIRA ZA MKUWA WATHU

Wolemba Mtolankhani Wathu

Mlimi amene agula thumba la fataleza ku Katete kapena ku Lundazi saganizako kawirikawiri za ulendo umene thumbalo layenda. Dziko la Zambia lilibe nyanja yamcere. Fataleza wambiri, mafuta a galimoto ndi makina zimatsikira pa madoko a eni ake, ku Dar es Salaam, ku Beira, ku Nacala kapena ku Durban, ndipo mkuwa wathu umatulukira komweko. Nkhani imeneyi ya njira yopita kunyanja ndiyo yakhala ikukokera dziko lino m'mikangano ya maiko akuluakulu kuyambira pamene tinalandira ufulu mu 1964. M'zaka zino mkanganowo wabukanso, tsopano pakati pa America ndi China.

Pa 11 November 1965 Ian Smith analengeza kuti Rhodesia yadzipatsa yokha ufulu popanda cilolezo ca Britain. Pa nthawiyo pafupifupi katundu yense wa Zambia anali kuyenda pa njanji yodutsa mu Rhodesia, ndipo malasha a ku migodi anali kucokera ku Wankie. Mwezi wotsatira mafuta analeka kubwera. Akuluakulu akumbukira kuti petulo anali kugulidwa ndi makuponi, kuti ndege za Britain, America ndi Canada zinali kututa mafuta, ndiponso kuti malole anali kugwa usana ndi usiku pa mseu wadothi wa ku Tanzania, umene madalaivala anaupatsa dzina lakuti Hell Run.

Dr. Kenneth Kaunda ndi Mwalimu Julius Nyerere anali ataona kale kuti mankhwala ake ndi njanji yopita ku Dar es Salaam. Koma akatswiri a World Bank anali atanena mu 1964 kuti njanji yotere siingabweze ndalama zake, ndipo maiko a kumadzulo anamana thandizo. Masiku amenewo dziko lapansi linali logawikana pawiri pa nkhondo ya mau: America ndi anzake mbali ino, Soviet Union ndi anzake mbali inayo. China, amene anali atayambana ndi onse awiri, anali kufunafuna abwenzi mu Africa. A Nyerere anapita ku Beijing mu 1965, a Kaunda mu June 1967, ndipo pa 5 September caka comweco maiko atatuwa anasaina pangano.

China anabwereketsa mayuwani 988 miliyoni popanda ciwongoladzanja. Nchito inayamba mu October 1970, njanji inatha mu 1975, ndipo TAZARA inaperekedwa kwa eni ake mu July 1976: makilomita 1,860 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, maulalo 320 ndi ngalande 22 zobooleza m'mapiri. Anchito oposa 160 anataya miyoyo yao, mwa iwo oposa 60 a ku China. Aamerika, poona kuti mnzao wawapitirira, anaika ndalama zao pa mseu watala woyenda m'mbali mwa njanjiyo. Motero dziko lino linapeza njanji ndi mseu pa nthawi imodzi, cifukwa ca nsanje ya alendo awiri. China nayenso sanabwerere cimanjamanja. Mu October 1971 Zambia ndi Tanzania anali pakati pa maiko amene anapereka pempho limene linapatsa boma la Beijing mpando ku United Nations.

KUSATENGA MBALI

Makolo amati mapanga awiri abvumbwitsa, ndipo analipo ena amene anafuna kuti Zambia asankhe phanga limodzi. Boma la a Kaunda linakana. Mu September 1970 Lusaka analandira msonkhano wacitatu wa Maiko Osatenga Mbali, mu Mulungushi Hall imene kampani ya ku Yugoslavia inamanga m'miyezi yowerengeka cabe. Marshal Tito ndi Mai Indira Gandhi anali pakati pa alendo. Kusatenga mbali kunatanthauza kulandira njanji kwa China, kugulitsa mkuwa pa msika wa ku London, kulandira nduna ya America Henry Kissinger mu April 1976, ndi kugula ndege zankhondo za MiG kwa Soviet Union pamene asilikali a Smith anali ataonetsa kuti atha kulowa m'dziko lino mmene afunira.

Zimene zinacitika pambuyo pake zinaonetsa kuti dziko lopanda doko silingakhulupirire njira imodzi. Smith anatseka malire mu January 1973. Mu 1975 njanji ya Benguela, yopita ku doko la Lobito ku Angola, inaima cifukwa ca nkhondo yapaciweniweni, mmene Soviet Union ndi Cuba anali kuthandiza MPLA pamene America ndi South Africa anali kuthandiza UNITA. Nkhondoyo inatha mu 2002. TAZARA yokha inalephera kusenza mtolo wonse, katundu anaunjikana pa doko la Dar es Salaam, ndipo mu October 1978 a Kaunda anatsegulanso njira ya kum'mwera, ngakhale kuti Smith anali akali pampando, cifukwa mvula inali pafupi koma fataleza wa alimi anali asanafike. Caka cotsatira asilikali a Rhodesia anaphulitsa ulalo wa Chambeshi, ndipo cimanga coitanitsa kunja cinabvuta kulowa. Amene anamva kuwawa kwa zonsezi si a ku Moscow kapena a ku Washington ai, koma mai woima pamzera wa ufa.

Soviet Union itapasuka mu December 1991, alendo anazirala nafe. Mtengo wa mkuwa unali pansi, migodi inagulitsidwa, ndipo TAZARA inakalamba popanda woisamala. Njanji imene pa masiku ake abwino inali kunyamula matani oposa miliyoni imodzi pa caka inatsika kufika pansi pa matani 100,000 mu 2015.

CABWEZA ALENDO N'CIANI?

Yankho lake ndi miyala. Galimoto yoyendera magetsi imafuna mkuwa wambiri kuposa galimoto ya petulo, ndipo mabatire ake ambiri amafuna kobalti, mwala umene gawo loposa theka la dziko lonse lapansi limakumbidwa ku Congo, kutsidya kwa malire athu a ku Copperbelt. Makampani a ku China analowa msanga m'migodi imeneyi, ndipo ndi ku China kumene miyala yambiri imayengedwa. America ndi maiko a ku Ulaya anadzidzimuka mocedwa.

Mu September 2023, pa msonkhano wa G20 ku New Delhi, America ndi European Union analengeza kuti adzathandiza njira ya Lobito, pamodzi ndi njanji yatsopano ya makilomita pafupifupi 800 yolumikiza Angola ndi Chingola. Mu December 2024 Joe Biden anapita yekha ku Lobito, kumene anakumana ndi Pulezidenti Hakainde Hichilema ndi atsogoleri ena a m'cigawo cino. Coseketsa n'cakuti njanji ya Benguela imene Aamerika anapita kukaiyamikira inakonzedwanso ndi kampani ya ku China, ndipo inatsegulidwa mu 2015.

China sanakhale cete. Mu September 2024 ku Beijing kunasainidwa cikalata ca kukonzanso TAZARA, ndipo mu September 2025 kampani ya CCECC inalonjeza madola 1.4 biliyoni pa pangano loyendetsa njanjiyo kwa zaka 30. Nduna yaikulu ya China, Li Qiang, inafika ku Lusaka mu November 2025 kudzatsegulira nchitoyo. Mwacidule, wina afuna kuti mkuwa uzitulukira kumadzulo, ku nyanja ya Atlantic, wina afuna kuti uzitulukira kum'mawa, ku nyanja ya Indian.

Owerenga azindikire kuti mpikisano wa lero usiyana ndi wakale. Mu 1970 mkangano unali pa ciphunzitso ca ndale, ndipo mlendo anali wokonzeka kutaya ndalama kuti apeze bwenzi. Lero aliyense abwera ndi buku lowerengera phindu. Pamene Zambia analephera kulipira nkhongole zake mu November 2020, zokambirana zinatenga zaka, maiko a kumadzulo akuloza cala China ndi China akuloza cala mabanki a kumadzulo. Pangano la madola 6.3 biliyoni linapezeka mu June 2023, ndipo oposa 4 biliyoni mwa amenewa anali a China. Mu 2025 boma la Donald Trump linatseka bungwe la USAID, ndipo mu May caka comweco kazembe wa America ku Lusaka analengeza kudula madola 50 miliyoni a thandizo la mankhwala, ponena kuti mankhwalawo anali kubedwa. Mu February 2025 damu la zinyalala za mgodi wa kampani ya ku China ku Chambishi linagumuka, asidi analowa mu mtsinje wa Kafue, nsomba zinafa ndi minda ya anthu inapsa. Palibe mwa alendowa amene tingamuyese mtsibweni.

Funso limene anthu a kuno kum'mawa ayenera kufunsa aphungu ao ndi ili: kodi njanji zimenezi zidzanyamula miyala yokha, kapena zidzatsitsanso mtengo wa fataleza ndi kutengera nshawa, soya ndi thonje ku misika? Njanji zonse ziwiri zimene alendo akulimbirana zili kutali ndi Chipata. Yathu ya kuno, kacidutswa kosakwana makilomita 30 kocokera ku Mchinji kamene kamatilumikiza ndi doko la Nacala, inayambika mu 1982 ndipo inatsegulidwa mu August 2010, patapita zaka 28. Mu 2016 boma linasaina pangano ndi CCECC yomweyo lakuti imange njanji yocokera ku Chipata kudzera ku Petauke kukakumana ndi TAZARA ku Serenje, koma m'zaka zotsatira nchitoyo siinayambike. M'njira imeneyo mulibe migodi ikuluikulu ya mkuwa. Muli minda.