Macheka a makina akayamba kusochera pa mlombwa

Mlombwa ndi mbawa sizikupezeka wamba masiku ano, abale athu, ndipo amene akukhoma boti akudziwa bwino mtengo wake. Ndiye munthu akapeza thabwa lochindikala amathamanga nalo ku makina kuti alicheke pakati, atulutsemo awiri. Makina ake ndi aja amisiri amangoti band saw, amene macheka ake ndi lamba wachitsulo wa mano, woyenda pa mawilo awiri. Koma kangati taona thabwa likutuluka uku lonenepa, uku lopyapyala? Lotero mukaliika pa boti ndi lolowetsa madzi, ndipo mukati mulipale kuti lifanane, theka lathera pansi.

Zikatero, ambiri amakunga macheka mowonjeza n'kukankha thabwa ndi mphamvu. Ife tikuti ayi, yambani mwazimitsa makina muone mano.

Mano a macheka amapindidwa mosinthana, lina kumanja lina kumanzere, kuti njira ikhale yotakasuka kuposa chitsulocho. Mbali imodzi ikabuntha, macheka amakokera kumene kwatsala kwakuthwa, ndipo kaya muwakunge ngati ng'oma, sawongoka. Kuno kunyanja chobunthitsa chachikulu ndi mchenga. Thabwa lagona padoko sabata yonse, mchenga walowa m'ming'alu, inu n'kungolinyamula kukaika pa makina. Lisasani ndi burashi kaye. Thabwa lophwasula pa boti lakale ndiye muliyang'ane kawiri, chifukwa msomali umodzi wobisala umatha mano onse pa kamphindi.

Pali macheka ena akuthwa ndithu, koma osayenera ntchitoyi. Thabwa lalikulu limatulutsa utuchi wambiri, ndipo utuchiwo umayenda m'timipata ta pakati pa mano mpaka utatuluka kunsi. Mano akakhala ang'onoang'ono othithikana, timipatato timadzaza, macheka amatentha n'kuyamba kuyenda mokhotakhota. Mumamva fungo la kupserera, thabwa n'kuda. Pocheka mtengo wolimba pakati, funani macheka a mano 3 kapena 4 pa inchi, otambalala theka la inchi kapena kuposerapo ngati makina anu alola. Mlombwa ulinso ndi utomoni wofiira uja, umene umamatirira pa chitsulo makamaka thabwa likakhala losauma. Upaleni, musausiye.

Tsopano za kukunga. Mukaona kuti pamwamba ndi pansi pa thabwa mzere wayenda bwino koma pakati pachita mimba, apo ndiye macheka ndi okhwefuka, kapena mwafulumiza kukankha. Makina ali chizimire, kankhani macheka cham'mbali ndi chala: asasunthe kupitirira kota ya inchi. Tizitsulo towagwira m'mbali tiyandikire, mpata wake wongolowa pepala, koma tisakhudze mano. Kakumbuyo kaja kagunde pokhapokha mwayamba kucheka. Ndipo chogwirira chapamwamba chitsike mpaka pafupi ndi thabwa, osasiya macheka ali pamtunda mpata waukulu.

Kukankha kwake ndi kwa pang'onopang'ono, khutu lili pa injini. Ikasintha kulira, mwaikakamiza. Anyamata athu apa ndi pamene amalephera, amafuna amalize aone kwina. Nthawi zina vuto ndi thabwa lenilenilo: losauma bwino limatsekeka kumbuyo n'kupana macheka. Khomekani kamtengo kosongoka mumng'alumo kuti njira ikhale yotseguka, koma chabwino ndi kuliyanika pamthunzi liume lisanapite ku makina.

Mukamva "the, the, the" nthawi iliyonse macheka akazungulira, zimitsani pomwepo. Kawirikawiri ndiye kuti ang'aluka, mwina pamene anawotcherera polumikiza, ndipo atsala pang'ono kuduka. Musaime mbali imene angathe kukwapulira. Madzulo poweruka akhwefuleni, m'mawa muwakungenso, amakhalitsa.

Thabwa likamafika kumapeto, macheka amatulukira mwadzidzidzi, makamaka ngati anasochera m'kati. Dzanja lisakhale pamenepo, kankhirani ndi kathabwa kena. Zala zimenezo ndi zomwe mukasokere ukonde mawa. Magetsi akathima muli pakati pa ntchito, zimitsani switchi musanayambe kusolola thabwa, pakuti pobwera sagogoda.