Kutsegula m'mimba opaleshoni ya matumbo itachitika: zoyambitsa ndi zoyenera kuchita

Mzimba, Mana: Anthu ambiri amene achitidwa opaleshoni ya matumbo amatuluka m'chipatala bala litayamba kupola, koma akafika kumudzi amakumana ndi vuto lina, lotsegula m'mimba kangapo pa tsiku kwa masabata kapena miyezi. Ena amasiya kudya poopa kupita kuchimbudzi, ena amagula mankhwala m'magolosale, pamene ena amaganiza kuti madokotala analakwitsa ntchito yawo.

Nthawi zambiri vutoli limadza chifukwa matumbo afupika kapena sanabwerere m'chimake, ndipo limachepa pang'onopang'ono. Choopsa ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi, komanso kuchedwa kuzindikira kuti zinthu zalakwika mkati.

Nkhaniyi ndi yofunika kwambiri m'boma la Mzimba, lomwe ndi lalikulu kuposa maboma onse m'dziko muno. Wodwala wochokera ku Jenda, Luwerezi kapena Edingeni amene wachitidwa opaleshoni pa chipatala cha boma cha Mzimba, cha mishoni cha Embangweni, kapena chachikulu cha Mzuzu chomwe chinatsegulidwa mu 2000, amabwerera kumudzi komwe kuli kutali ndi dokotala amene anamuthandiza. Choncho iye ndi omusamalira ndiwo amayamba kuona ngati zikuyenda bwino kapena ayi.

Zina mwa zifukwa zimene anthu amadulidwira matumbo m'dziko muno ndi kupotana kwa matumbo aakulu, kubooka kwa matumbo chifukwa cha taifodi, khansa ndi ngozi.

Pa tsiku, m'matumbo a munthu wamkulu mumadutsa madzi okwana malita 8 kapena 9, kuphatikizapo malovu, ndulu ndi madzi ena ogayira chakudya. Matumbo aang'ono, omwe ndi otalika pafupifupi mamita 6, amamwa ambiri mwa madziwa. Otsalawo amapita m'matumbo aakulu, omwe ndi otalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo ndiwo amaumitsa chimbudzi. Mbali ina ikadulidwa, chakudya chimadutsa mofulumira ndipo madzi ambiri amatuluka osamwedwa.

Chifukwa chachiwiri ndi ndulu. Mbali yotsiriza ya matumbo aang'ono ndiyo imabweza ndulu m'magazi kuti chiwindi chiigwiritsenso ntchito. Mbali imeneyi ndi yomwe kawirikawiri imabooka pa matenda a taifodi. Ikachotsedwa, ndulu imafika m'matumbo aakulu n'kuwachititsa kutulutsa madzi, ndipo munthu amafuna kupita kuchimbudzi mwadzidzidzi, makamaka akangomaliza kudya.

Chifukwa chachitatu ndi mankhwala opha tizilombo amene amaperekedwa pa nthawi ya opaleshoni. Mankhwalawa amaphanso tizilombo tothandiza ta m'matumbo, ndipo nthawi zina izi zimapereka mpata kwa kachilombo koopsa kotchedwa Clostridioides difficile. N'chifukwa chake kumwa mankhwala ena opha tizilombo popanda kulemberedwa ndi dokotala kungakulitse vutoli.

Matumbo otsala amaphunzira kugwira ntchito ya amene anachotsedwa. Kwa anthu ambiri zinthu zimasintha pakapita masabata kapena miyezi ingapo, koma kwa amene anadulidwa mbali yaitali zimatha kutenga chaka chimodzi kapena ziwiri.

Chinthu choyamba pa nthawi yodikirayi ndi kubwezeretsa madzi ndi mchere. Thanzi ORS, amene amapezeka m'zipatala, sali wa ana okha. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala monga WaterGuard, ndipo otsala atayidwe pakatha maola 24. Ngati paketi palibe, mu lita imodzi ya madzi aukhondo muthiridwe shuga wodzaza masupuni aang'ono a tiyi 6 osasefukira, ndi mchere theka la supuni yomweyo. Wodwala azimwa pang'onopang'ono tsiku lonse.

Zakumwa zotsekemera kwambiri za m'mabotolo zimakokera madzi m'matumbo ndipo zimawonjezera kutsegula. Mowa ndi khofi nazonso n'zofunika kuzipewa.

Odwala amene matumbo awo aang'ono anatulutsidwira pamimba n'kuikidwa thumba lolandirira chimbudzi ayenera kusamala koposa. Kwa iwo, ngati thumba likudzaza kawirikawiri, kumwa madzi wamba ochuluka kumakokolola mchere m'thupi, choncho gawo lalikulu la zomwe akumwa likhale Thanzi ORS, motsatira malangizo a kuchipatala.

Chachiwiri ndi chakudya. Kusiya kudya kumachedwetsa kupola kwa bala, ndipo matumbo amazolowera ntchito yatsopano pokhapokha chakudya chikamadutsamo. M'malo modya nsima yambiri kawiri pa tsiku, wodwala adye pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, akutafuna bwino.

Zakudya zomwe zimathandiza kulimbitsa chimbudzi ndi monga nsima ya ufa woyera, phala, mpunga, mbatata ya kachewere yophika ndi nthochi zakupsa. Ndiwo zikhale mazira, nsomba kapena nkhuku zophika popanda mafuta ambiri. Mgaiwa, nyemba, kabichi, tsabola, zokazinga ndi mkaka ziyambe zadikira, kenako zibwezeretsedwe chimodzichimodzi, patapita masiku awiri kapena atatu, kuti chomwe chikuvuta chidziwike.

Chachitatu ndi mankhwala. Mankhwala a loperamide amachepetsa liwiro la matumbo, ndipo cholestyramine amamanga ndulu, koma onsewa ayenera kuperekedwa ndi wachipatala. Loperamide ndi woopsa kwa munthu amene akutentha thupi kapena kuchita chimbudzi cha magazi. Mankhwala a zitsamba otsuka m'mimba asamwedwe.

Amene ali pa ma ARV kapena pa mankhwala a chifuwa chachikulu asasiye kumwa, koma adziwitse achipatala, chifukwa kutsegula m'mimba kwa nthawi yaitali kumachepetsa mankhwala amene amalowa m'magazi. Amayi amene amamwa mapiritsi olera afunsenso za njira ina. Amene anachotsedwa mbali yotsiriza ya matumbo aang'ono angafunike jakisoni wa vitamini B12 kuti magazi asachepe.

Khungu la malo otulukira chimbudzi limasupuka msanga. Kutsuka ndi madzi, kuumitsa mosakhula ndi kupaka Vaseline kumathandiza.

Sikuti kutsegula m'mimba kulikonse n'kochokera ku opaleshoni. Mliri wa kolera umene unayamba m'mwezi wa Marichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Wodwala amene akuchira ali ndi thupi lofooka, choncho madzi akumwa ateteze, ndipo aliyense pakhomo asambe m'manja ndi sopo, makamaka m'nyengo ya dzinja.

Wodwala abwerere kuchipatala tsiku lomwelo ngati akutentha thupi, akusanza, mimba yatupa kapena ikupweteka kwambiri, chimbudzi chili ndi magazi kapena chakuda, kapena pabala pakutuluka mafinya. Zizindikirozi zingatanthauze kuti pamene matumbo analumikizidwa pakudontha. Achitenso chimodzimodzi ngati mkodzo wachepa kwambiri, akuchita chizungulire akaimirira, kapena ngati kutsegula kwasiya mwadzidzidzi mimba n'kumakula.

Popeza mitunda ndi yaitali, ndipo kuchoka pa boma la Mzimba kukafika ku Mzuzu ndi makilomita oposa 100, banja likonzeretu ndalama yoyendera ndi kudziwitsa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo wodwala akangofika pakhomo.

Asanatuluke m'chipatala, wodwala afunse mbali ya matumbo imene yachotsedwa ndi kutalika kwake, ndipo zilembedwe m'buku lake lakuchipatala. Pakhomo azilemba kuti wapita kuchimbudzi kangati pa tsiku ndi zomwe wadya, n'kupita nazo pa tsiku lokaonananso ndi dokotala.