Sipanala iyambe, unyolo ubwere pambuyo

Ku Chisenga, m'tsinde mwa mapiri a Mafinga m'boma la Chitipa, mwana sadikira kugulidwa chidole. Amatola mawaya, mphira ndi zitsekero za mabotolo, pofika madzulo galimoto yatheka, chiwongolero chofika m'chiuno.

Nanga luso limeneli limathera kuti? Zambia ili pafupi. Mnyamata akasiya sukulu, ganyu yomupeza msanga ndi yozembetsa matumba a chimanga kapena feteleza m'njira zamadulira. Wapolisi amadzamudziwa tsiku lomumanga.

Ntchito ya chitetezo cha m'madera idayamba m'dziko muno mu 1997, ndipo lamulo la apolisi la 2010 lidaikhazikitsa. Koma abale, kulondera usiku ndi zibonga kokha sikuumba mwana ayi.

Apolisi ali ndi amakaniko awo, ndipo pamasiteshoni ambiri pagona galimoto zakufa, matayala atamira m'dothi. Bwanji osamaitana anyamatawa Loweruka lililonse, aphwasule injini, aimangenso, kenako TEVETA iwayese? Njinga zamoto za kabaza zachuluka, okonza akufunika.

Kuwongola mtengo mpoyamba. Mnyamata amene wagwira sipanala limodzi ndi bwana sajeni sangathawe akaona yunifolomu, ndipo kwawo adzayamba kumutcha mmisiri.