Chifukwa chake penti sakhalitsa pa nyumba za ku Beira ndi ku Quelimane

Mabanja ambiri a ku Angónia, Tsangano ndi Milange ali ndi ana kapena abale amene akumanga nyumba ku Beira ndi ku Quelimane, ndipo nthawi zina ndalama zomalizira nyumbazo zimachokera ku kachewere, nyemba ndi chimanga cha kumudzi. Dandaulo lomwe limamveka kawirikawiri ndi lakuti penti amene kumtunda kuno akanakhala zaka zingapo, kugombe amatupa n'kumatuka msanga. Ambiri amaloza chala mwini sitolo, pomwe vuto limakhala m'khoma momwemo.

Mphepo yochokera ku nyanja yamchere imanyamula timadontho ta madzi n'kutisiya pakhoma. Madziwo akauma, mchere umatsala. Komanso madera ngati Munhava ndi Praia Nova ku Beira ndi otsika, madzi ali pafupi pansi pa nthaka, kotero chinyezi chimakwera ndi maziko. Chinyezicho chikamatuluka, mchere umauma m'timabowo ta pulasitala n'kumakankha penti kuchokera mkati. Ufa woyera umene umaoneka m'munsi mwa khoma, womwe amisiri amautcha salitre, ndi mchere umenewo. Zimaipiraipira ngati mmisiri anaumba zidina ndi mchenga wa kugombe kapena madzi a pachitsime chamchere pofuna kuchepetsa ndalama: pamenepo mchere umakhala kuti wamangidwira m'nyumba.

Anamondwe amadzangomalizitsa. Idai, amene anagunda Beira mu Marichi 2019, ndi Freddy, amene anafika pafupi ndi Quelimane mu Marichi 2023, anabwera ndi mvula yowomba khoma cham'mbali. Mvula yotere imalowa ngakhale m'ming'alu yopyapyala ngati ulusi, ndipo khoma limasunga madziwo kwa masabata.

N'chifukwa chake ntchito yaikulu imachitika chitini cha penti chisanatsegulidwe. Pulasitala watsopano adikire masiku 28 kapena kupitirira. Salitre achotsedwe ndi bulashi yolimba khoma lili louma, chifukwa kumuthira madzi kumangomubwezera mkati. Kenako khoma litsukidwe ndi madzi opanda mchere, nkhungu yakuda iphedwe ndi javel wosungunula m'madzi, ming'alu imatidwe. Pofuna kudziwa ngati khoma lauma, mmisiri amamata pepala lapulasitiki pakhomapo ndi tepi mbali zonse n'kulisiya tsiku lathunthu. Mkati mukachita thukuta, nthawi yopenta sinakwane, ngakhale mwini nyumba akhale pachangu chotani.

Penti woyenera ndi wosungunula ndi madzi wa mtundu wa acrílica, wolembedwa kuti exterior, wopakidwa kawiri pamwamba pa penti woyambira, uja amati primário. Penti wamafuta amanyezimira bwino ndipo ambiri amamukonda, koma pakhoma la simenti amatsekera chinyezi mkati, mapeto ake ndi matuza. Kuchulutsa madzi kuti ndowa imodzi ikwane nyumba yonse nakonso kumasiya khoma losatetezeka. Nyengo yabwino ndi yachilimwe, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, ndipo mmisiri wodziwa amayenda ndi mthunzi, sapaka pamene dzuwa likuswa khoma.

Kwa amene thumba ndi loperewera, laimu si wonyozeka. Nyumba zakale za miyala za ku Ilha de Moçambique, malo amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1991, zinamangidwa ndi kupakidwa laimu, yemwe amalola khoma kupuma. Kuipa kwake n'kwakuti amafunika kubwereza pafupifupi chaka chilichonse.

Zitsulo ndizo zimaiwalika. Za pamawindo ndi pazitseko zimafunika kuzikwecha mpaka dzimbiri litachoka, kuzipaka penti woletsa dzimbiri monga zarcão, kenako penti wamafuta, amene pachitsulo ndi malo ake enieni. Padenga, dzimbiri limayambira m'mphepete modulidwa mwa malata ndi pa misomali. Msomali umene wadyeka usinthidwe Novembala asanafike, chifukwa kuupenta kumangobisa malo amene mphepo idzayambire kusasula denga.