Foni Ikauma: Zimene Zimachitika M'masoketi a Mkati mwa Foni Yanu

Ambiri a inu munaonapo kabokosi kamene kamatuluka pa foni ya Android pulogalamu ikauma. Kamati pulogalamuyo "isn't responding", kenako n'kukufunsani ngati mukufuna kuitseka kapena kudikira. Kuno ku Chitipa zikangotero, mlandu timaupereka kwa netiweki basi. Wina amati ndi mapiriwa, wina amati bandulo yatha. Koma kabokosi kameneka sikanena za nsanja ya foni ili paphiri ija ayi. Kakunena za uthenga umene sunatuluke n'komwe m'foni mwanu, umene wachoka ku pulogalamu ina kupita ku inzake, koma wolandirayo sanayankhe. Lero ndikufuna tione njira imene uthengawo umadutsa, komanso funso limene akatswiri a makompyuta akulimbana nalo mpaka pano: wotumiza akamathamanga kuposa wolandira, pachitike chiyani?

Kernel ndi soketi

M'foni mwanu mumagwira ntchito mapulogalamu ambirimbiri nthawi imodzi. Ina ikuyang'anira sikirini, ina batire, ina mawu, ina ndi WhatsApp yanu ija. Iliyonse inapatsidwa chigawo chakechake cha memory ndipo siloledwa kusuzumira m'chigawo cha inzake. Lamuloli ndi labwino, chifukwa kupanda apo kagemu kamene munakopera kwa mnzanu kakanatha kuwerenga zonse za mu pulogalamu yotumizira ndalama. Imene imaonetsetsa kuti lamuloli likutsatidwa ndi kernel, phata lenileni la operating system, limene limagawa memory ndi nthawi ya purosesa. Kernel ya Android ndi Linux, imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali wophunzira pa yunivesite ku Helsinki. Kaya yanu ndi Tecno, kaya ndi Samsung, bola ikhale ya Android, Linux ilimo.

Ndiye poti mapulogalamu sangalowerane m'nyumba, amayankhulana bwanji? Amadutsira kwa kernel. Njira zake zilipo zingapo, ndipo Android imagwiritsa ntchito kwambiri ina yotchedwa Binder, koma yathu lero ndi soketi. Musaganize za soketi ya pakhoma yotchajira foni. Iyi ndi khomo limene pulogalamu imaponyapo uthenga, kapena kutolapo uthenga. Masoketi anafala ndi mtundu wa Unix wotchedwa 4.2BSD umene unatuluka ku University of California, Berkeley, mu 1983. Ena amalumikiza makina awiri kudzera pa intaneti. Ena amalumikiza mapulogalamu awiri a m'makina amodzi omwewo, ndipo amenewa dzina lawo ndi Unix domain socket. Ine ndiziwatcha masoketi a mkati.

Mukakhudza sikirini, gawo la Android lotchedwa InputDispatcher limatenga nkhani ya kukhudzako, kuti chala chagwa pati ndipo chikusunthira kuti, n'kuiponya mu soketi ya mkati imene imapita ku pulogalamu ili pamaso panuyo. Pulogalamu ikaugwirira ntchito uthengawo imabweza yankho lakuti "ndamaliza" pa soketi yomweyo. Pakadutsa masekondi 5 yankholo osabwera, kabokosi kaja kamatuluka.

Masamu a pachigayo

Pakati pa wotumiza ndi wolandira, kernel imasunga mauthenga m'kachigawo ka memory kotchedwa buffer. Tikatche kankhokwe. Pa soketi ya sikirini ija, Android inakaikira malire a ma kilobyte 32. Pa makompyuta ambiri a Linux, soketi imayamba ndi malire a ma byte 212,992 ngati mwini pulogalamu sanasinthe.

Apa ndi pamene fizikisi imalowerera. Taganizirani chigayo cha pa boma kapena cha ku Nthalire. Pamwamba pali chibokosi chothiramo chimanga, pansi pakutuluka ufa. Chigayo chili ndi liwiro lake logayira. Inu mukathira mofulumira kuposa pamenepo, chimanga chimaunjikana m'chibokosimo. Lamulo lake ndi lomwe lija la madzi olowa ndi otuluka mu thanki:

liwiro la kudzaza = liwiro lolowa − liwiro lotuluka

Tiyeni tiikepo manambala ongoyerekeza. Wotumiza akuponya mauthenga 110 pa sekondi, wolandira akutha 60 okha pa sekondi, kankhokwe kamakwana mauthenga 200. Otsala pa sekondi iliyonse ndi 50. Ndiye 200 ÷ 50 = masekondi 4, kankhokwe kadzaza.

Nthawi zonse ndikafika apa m'kalasi pamapezeka wina wokweza dzanja: "Aphunzitsi, bwanji osangokulitsa kankhokweko?" Chabwino, tikakulitse kawiri, kakwane 400. Kadzaza pa masekondi 8. Tangochedwetsa vuto, silinachoke. Komanso taonani chimene tawonjezera. Uthenga umene walowa kankhokwe katadzaza umayenera kudikira kuti onse a patsogolo pake atuluke. Poyamba unkadikira 200 ÷ 60, masekondi 3.3. Tsopano ukudikira 400 ÷ 60, masekondi 6.7. Ngati uthengawo ndi chala chanu pa sikirini, ndiye kuti foni ikuchita zimene munailamula kalekale, inu mutakwiya kale n'kudinanso malo ena katatu.

Kankhokwe kali ndi ntchito yake, musandimve molakwa. Kamathandiza pamene mauthenga akubwera mwa apo ndi apo, chigulu tsopano kenako bata. Chigulucho chimakhala m'kankhokwe, wolandira n'kuchimaliza nthawi ya bata. Koma ngati liwiro lolowa likuposa lotuluka nthawi zonse, palibe nkhokwe imene ingakwane, ngakhale itakula ngati ya ADMARC.

Kankhokwe kakadzaza

Njira yoyamba ndi kumuimitsa wotumiza. Wachigayo amakugwirani dzanja, "dikirani kaye." Kernel nayo imaigoneka pulogalamu yotumizayo, osaipatsanso nthawi ya purosesa, mpaka malo atapezeka. Pa Linux chiwerengero chake chimayenda ngati ngongole ya pagolosale: uthenga uliwonse umene sunawerengedwe umalembedwa pa dzina la wotumiza, ndipo umafufutidwa pokhapokha wolandira akautenga. Ngongole ikafika pa malire, wotumiza sapatsidwanso mpata. Palibe uthenga umene umatayika, ndiye ubwino wake. Kuipa kwake n'kwakuti kuchedwa kwa mmodzi kumafalikira kwa ena. Wolandira akauma, wotumiza amaumanso, ndipo aliyense amene amadikira wotumizayo naye amauma. Zimafika poipa kwambiri mapulogalamu awiri akamatumizirana onse, nkhokwe zonse ziwiri n'kudzaza, aliyense n'kugona podikira kuti mnzake awerenge. Zili ngati malole awiri akumana pa mlatho wopapatiza, palibe wofuna kubwerera m'mbuyo. Zimenezi zimatchedwa deadlock.

N'chifukwa chake InputDispatcher sivomera kugonekedwa. Imatsegula soketi yake m'njira yakuti kankhokwe kakadzaza, kernel ingoiuza kuti "malo palibe, udzayesenso." Ikamva zimenezo imasunga uthengawo pambali n'kupitiriza kutumikira mapulogalamu ena. Ikanati izigona nthawi iliyonse pulogalamu imodzi ikauma, ndiye kuti foni yonse bwenzi isakumva chala chanu, ndipo ngakhale batani lotsekera pulogalamu youmayo bwenzi lisakudinika.

Njira yachiwiri ndi kutaya. Zikumveka ngati kusasamala, eti? Koma nthawi zina ndi nzeru. Mapulogalamu a m'foni amalemba timalipoti ta zimene akuchita, totchedwa log, n'kutumiza kudzera pa soketi ya mkati kwa pulogalamu yosunga malipoti yotchedwa logd. Kankhokwe ka logd kakadzaza, Android imataya kalipotiko, n'kungowerenga kuti tatayika tingati. Ine ndimagwirizana nazo. Palibe amene angakonde kuti kamera ya foni iime chifukwa chakuti mlembi wa malipoti watanganidwa. Chofunika n'chakuti zotayikazo ziwerengedwe, kuti wofufuza vuto adziwe kuti pakati apa pali dzenje.

Masoketi otumiza timauthenga patokhapatokha ngati amenewa ali ndi malire enanso pa Linux, a chiwerengero cha mauthenga amene angaime pamzere. Kernel payokha imayamba ndi 10 basi. Nambalayi inaoneka yochepa, moti makompyuta ambiri a Linux amaikweza kufika pa 512 akamayaka, ndipo Android nayo imaikweza.

Kumudzutsa liti wogonayo?

Mbali iyi ndi imene imandisangalatsa ine monga mphunzitsi wa fizikisi. Tinene kuti wotumiza wagonekedwa, wolandira wachotsa uthenga umodzi. Malo apezeka, kamodzi kokha. Timudzutse? Tikamudzutsa aponya uthenga umodzi, kankhokwe kadzazanso, agonanso. Dzuka, gona, dzuka, gona, kambirimbiri pa sekondi. Kusintha kulikonse kuchoka pa pulogalamu ina kupita pa ina kumadya nthawi ya purosesa, ndipo purosesa ikamagwira ntchito batire imatsika. Kwa ife amene timatchajitsa foni pa sola kapena kulipira pa shopu ya pamsika, zimenezi si zamasewera.

Linux simachita choncho. Pa masoketi a mkati imadikira kuti ngongole ija itsike kufika pa gawo limodzi mwa magawo 4 a malire, ndipo pamenepo m'pamene imadzutsa wotumiza kuti athire zambiri nthawi imodzi. Malo oimitsira ndi ena, malo oyambiranso ndi ena. A Fomu 3 ndi 4, mwaizindikira? Ndi zomwe zija za thermostat ya mu ayironi yamagetsi. Kachitsulo ka bimetallic strip kamadula magetsi ayironi ikatentha kufika pamwamba, koma sikalumikizanso msangamsanga kutentha kukangotsika pang'ono. Kamadikira izizire ndithu kaye. Mpata umenewo ndi umene umachititsa kuti ayironi isamangoti thethethe osalekeza. Dzina lake ndi hysteresis, ndipo wachigayo wodziwa ntchito amachitanso chimodzimodzi: sakuuzani kuti muzithira kambewu kamodzikamodzi, amadikira chibokosi chitsike kenako n'kunena kuti "thirani."

Wolongolola mmodzi, odikira ambiri

Vuto lina limabwera pamene otumiza ali ambiri koma wolandira ndi mmodzi. Nyengo yokolola, wamalonda afika pachigayo ndi matumba 30, agogo afika ndi kabeseni kamodzi ka mgaiwa wa madzulo. Wamalondayo akangolanda chibokosi n'kumathira osapumira, agogo aja agona ndi njala ngakhale kuti chimanga chawo chikanagayidwa m'mphindi ziwiri.

Zimenezi zinalidi choncho mu FreeBSD, operating system ina yochokera ku BSD ya ku Berkeley ija, imene kampani ya Netflix imagwiritsa ntchito pa makina ake otumizira mafilimu. Mapulogalamu onse ankatumiza malipoti awo kwa pulogalamu yotchedwa syslogd kudzera pa soketi imodzi, ndipo onse ankagawana kankhokwe kamodzi ka wolandirayo. Pulogalamu imodzi yolongolola inkatha kukadzaza yokha, anzake n'kusowa poika. Apatu nkhani sinali ya kuchedwa kokha. Munthu wa zolinga zoipa akanatha kudzaza dala kankhokweko ndi zinyalala kuti malipoti osonyeza zimene akuchita asalembedwe. Kwa zaka zambiri mankhwala ake anali kutsegula soketi yachiwiri ya mapulogalamu audindo okha, ngati khomo la kuseri la akuluakulu. Zinathandiza akuluakuluwo, koma ena onse anapitiriza kulimbirana khomo limodzi. Mu 2022 Gleb Smirnoff, mmodzi mwa olemba FreeBSD, anakonza zimenezi mu kernel momwemo: aliyense wolumikizana ndi soketiyo anapatsidwa kankhokwe kakekake. Wolongolola akadzaza, wadzaza kake, ndipo amene akukanidwa ndi iye yekha. Kusinthaku kunatuluka mu FreeBSD 14.0 mu Novembala 2023, patatha zaka 40 chitulukire 4.2BSD.

Taonani kuti sanawonjezere liwiro la wolandira ngakhale pang'ono. Chigayo chikugaya monga kale. Chimene anasintha ndi chakuti chilango cha kudzaza chigwere ndani.

Yesani nokha

Tengani botolo la pulasitiki la malita 2, mulidule kumutu, mubowole kabowo kamodzi pansi ndi msomali. Lembani mizere iwiri, wina pafupi ndi pamwamba, wina pa gawo limodzi mwa magawo 4 kuchokera pansi. Mnzanu azithira madzi ndi kapu, inu mukhale kernel. Ulendo woyamba muzimuimitsa madzi akafika pa mzere wapamwamba n'kumuloleza akangotsika pang'ono. Ulendo wachiwiri muzimuloleza pokhapokha afike pa mzere wapansi. Werengani kuti mwanena "ima" kangati pa mphindi zitatu, maulendo onse awiri.

Pali chinthu chimodzi chimene botolo likusiyana ndi soketi. Madzi akakhala ambiri amatuluka mwamphamvu, akatsika amatuluka mofooka, chifukwa pressure ya pansi imadalira kuya kwa madzi. Pulogalamu yolandira ilibe khalidwe limenelo, liwiro lake silikwera chifukwa chakuti mzere watalika. Ndiye muikenso beseni pansi pa botolo, muyeze madzi amene atuluka pa ulendo uliwonse, ndipo mundiuze kuti ndi ulendo uti umene watulutsa ambiri, komanso chifukwa chake.