Mthenga wa M'magazi ndi Nthenda ya Nyamakazi

Awerengi athu adziwa kuti bala likatupa ndi kutentha, ndiye kuti asilikali a m'thupi, ndiwo maselo oyera a m'magazi, asonkhana pamenepo. Asilikaliwa amaitanizana ndi timankhwala tonga amithenga, ndipo mmodzi wa amithengawo atchedwa TNF. Nkhondo ikatha, kuitanako kuyenera kuleka. Koma pa nyamakazi yotupitsa mfundo mthengayu saleka ayi. Asilikali amaunjikana m'zala ndi m'maondo zaka ndi zaka, nawononga mafupa, kufikira munthu alephera kugwira khasu.

M'chaka cha 1992 ku London, Marc Feldmann ndi Ravinder Maini anapatsa odwala 20 mankhwala omanga TNF, amene lero atchedwa infliximab, ndipo kutupa kunaphwa.

Komatu TNF yemweyo ndiye amathandiza thupi kutsekera tizilombo ta chifuwa chachikulu m'mapapu kuti tisafalikire. Akamangidwa iyeyu, chifuwa chimene chinagona chingathe kudzuka. Chifukwa chake madokotala amayamba apima wodwala asanampatse mankhwalawa. Ndipo kuno kwathu, kumene chifuwachi n'chofala, kupimako sikuyenera kulumphidwa konse.